Mdipiti Umene Amayi Ankafunafunamo Mng'ono Wawo

Chaka chilichonse parishi ina ya m'tauni ya Mangochi imachita chikondwerero cha Amayi Maria. Anachiyambitsa ndi ansembe ochokera ku Italy, amene ankati kwawo amatero: kunyamula chiboliboli cha Maria pamapewa n'kuzungulira nacho misewu, kwaya ili patsogolo, ana akuwaza maluwa.

Ine ndi amayi tinkachita kuchokera ku Chiponde, kumalire, ndipo chotibweretsa sichinali kupemphera kokha. Amayi anathawa nkhondo ya ku Mozambique ine ndili kumsana. M'njira mfuti zitalira, anthu anabalalika, ndipo mng'ono wawo sanaonekenso. Patapita zaka, mayi wina wogulitsa nyemba anawauza kuti anamuonapo pa mdipiti wa ku Mangochi atavala chitenje cha kwaya. Mawu amenewo amayi anawagwiritsitsa moyo wawo wonse.

Ulendo womaliza umene tinapita, maso awo anali atachita ng'ala. Tinakwera njinga yamoto imodzi, iwo pakati, ine kumbuyo nditawagwira, mpaka kutsika mapiri a ku Chowe. Tinafika dzuwa likuswa mtengo. Msewu unali utadzaza: ogulitsa zitumbuwa, thobwa, usipa wokazinga, ngakhale anzathu achisilamu atayala makolona pansalu. Wansembe wachizungu amene ankatipatsa ufa nthawi ya uthawi kunalibe. Anthu anati anabwerera kwawo akudwala.

"Undiimike pamene padutse kwaya," anatero amayi. "Maso andikana, koma mawu ake ndiwazindikira."

Tinaima pafupi ndi ngalande. Zinadutsa kwaya zitatu, amayi atapendeketsa mutu. Ikudutsa yachinayi, anandisiya dzanja mwadzidzidzi n'kulowa pakati pa mzere. Anagwira mkono wa mayi wina wamtali.

"Iwe! Si ndiwe wa ku Mandimba iwe? Ndine mkulu wako!"

Mayiyo anasiya kuimba. Anandiyang'ana ine, kenako anagwada pafumbi pomwepo.

"Pepani agogo, ine ndine wa ku Nkopola. Ku Mozambique sindinapondeko."

Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti anali wamng'ono kuposa ine. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi amayi ankafunafuna mtsikana uja anasiyana naye m'tchire, osati nkhalamba yaimvi imene akanakhala ali lero, ngati ali moyo n'komwe.

Mdipiti sunaime. Anthu ankangotilambalala, chiboliboli chikugwedezeka pamwamba pa mitu mpaka chinakhota ku msika. Ndinawakhazika amayi pakhonde la sitolo, n'kuwagulira thobwa. Anangogwira botolo osamwa.

"Amayi, tilowe m'tchalitchi, Misa iyamba."

"Kaloweni inuyo," anandiyankha. Chibadwire changa anali asananditchulepo kuti inu. "Ine ndapempha mokwanira. Chaka cha mawa musandibweretsenso."

Tinabwerera panjinga yamoto. Ankangotsokomola ndi fumbi, mutu atautsamiritsa pamsana pa woyendetsa njinga. Anamwalira mvula isanagwe.

Chaka chotsatira ndinapita ndekha, poganiza kuti ntchito ija yatsalira ine. Ndinaima pangalande pomwe paja, kuyang'ana nkhope za amayi achikulire mmodzimmodzi. Koma ndinalibe chithunzi cha mng'ono wa amayi, mawu awo sindinawamvepo, ndipo aliyense amene akanawazindikira anali atapita kale kumanda. Mwina anandidutsa pamaso panga tsiku limenelo. Ndinakwera njinga mdipiti usanathe, ndipo sindinapitekonso.