Galu wa Bambo

Ndimakumbukirabe makwerero a nsungwi amene nkhuku zathu zinkakwererapo polowa m'khola. Kholalo linali lam'mwamba, ndipo ntchito yanga madzulo inali kuchotsa makwererowo nkhuku zikalowa. Ankanunkha zitosi, utitiri n'kumandiyenda m'mikono mpaka pogona.

Sitinkaopa likongwe ayi. Mdani anali pakhomo pomwepo: Sapato, galu amene bambo anatisiyira popita kukakumba golide kufupi ndi Fingoe. Ananena kuti abwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, chimanga chinacha, iwo osaoneka.

Sapato anayamba ndi mazira. Mayi anaphika dzira n'kumukankhira m'kamwa lili lotentha. Galuyo analira nathawira kumunda. Posakhalitsa anagwira msoti. Amalume anamumangirira nkhuku yakufayo m'khosi kuti iwolere pomwepo, ati galu ukamutero amasiyiratu. Fungo linatithamangitsa pakhonde, ntchentche zili ponseponse. Kunena zoona olangidwa tinali ife, galu sanaphunzirepo kanthu.

Mayi anatopa. Pochokera kumunda, khasu lisanatsike paphewa, maso anali kale pabwalo kufunafuna nthenga. Anatchinga ndi minga, anakweza khola, anamanga galuyo ndi luzi, iye n'kulitafuna. Nkhukuzo ndizo zinkatigulira sopo, mchere ndi makope a ku shikola, ndipo zinali kutha tikuona.

Amalume ankangoti, "Mlongo, kagalu aka kakusaukitsani."

Yankho la mayi silinkasintha: "Mwini wake akabwera ndidzamuuza chiyani?"

Lero ndili ndi nkhuku zanga, ndipo galu wotero sindingamusunge ngakhale mwezi. Mayi anapirira naye dzinja lonse.

Tsiku limene Sapato anapha thadzi lofungatira, mayi sanamumenye. Anatola mazira ozizirawo, nakhala pamtondo nthawi yaitali. Kenaka anandituma kukaitana amalume. M'mawa mwake galuyo anapita ndi alenje a ku Chipera, ali pachingwe kumbuyo kwa njinga, akutembenukatembenuka.

Ndinawakwiyira mayi, ndinkati asinthanitsa galu wathu ndi nkhuku. Ndinadabwanso kuti anapiye atayamba kuyenda momasuka pabwalo, mayi ndiwo ankalira kuseri kwa nkhokwe. Sindinkadziwa kuti mkazi sapereka galu wa mwamuna amene akumuyembekezerabe.