Injini Yopachikidwa Chadodolido Inandithetsera Banja

Kulakwa kwanga n'kumodzi, ndipo ndikuvomera: ndinaona chinthu chikuwonongeka, ine n'kutseka pakamwa poopa kuoneka wamwano. Zina zonse zimene anandinenera ndimazikana mpaka lero.

Munali m'masiku a Chitaganya. Nditabwerako ku Halale, kumene ndinagwira ntchito m'galaja, ndinakwatira kufupi ndi Ulongwe n'kukhala pachikamwini. Atsibweni a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba, anagula injini yakale ya boti kwa mzungu wina wa fodya. Woyendetsa ndinali ine. Tinkaolotsa anthu ndi matumba a chimanga pa Shire.

Tikaweruka, akuluwo ankaimanga injiniyo chingwe kumwendo n'kuipachika pamtanda, mutu pansi, ngati mbuzi yosenda. Ati madzi akhe. Inu owerenga, madzi otsalira m'mwendo wa injini akakha chotero amatsata njira ya utsi n'kukagona m'silinda, mumtima mwa injini. Ndinkadziwa bwino lomwe. Koma mkamwini n'kulangiza mwini mbumba? Ndinkangoti zikomo.

Dzinja lonse inakhala chipachikire. Mvula itatha ndinakoka chingwe cholizira, koma chinangoti gwa, osasuntha. Nditamasula pulagi ndinaipeza yonyowa, yofiira. Popendeketsa injiniyo munatuluka timadzi ta dzimbiri.

Akuluwo sanachedwe. Anaitana abale onse n'kunena kuti ndathiramo madzi dala chifukwa cha kaduka. Chigamulo chinali choti ndigwade, ndivomere, apo ayi ndinyamule mphasa yanga. Kumeneko ana ndi a kuchikazi, ndiye kuchoka kunali kusiya mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda.

Ndinapsa mtima. Ndinatenga sipanala n'kutsegula mutu wa injini anthu onse akuona. Pisitoni, chitsulo choyenda m'silinda, inali itamatirira. Dzimbiri silinayambire kubowo la pulagi, kumene munthu angathirire madzi. Linayambira kubowo la utsi n'kutsetsereka mzere umodzi. Ndinaloza ndi chala.

“Iyayi apongozi, madziwa munalowetsa ndinu, ndi chingwe chanu chija.”

Amayi ena anaseka n'kudzigwira pakamwa, ndipo kusekako ndiko kunandimaliza. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti ndingopepesa, nkhani ithe. Ndipepese chiyani? Dzimbiri ndinalipenta ndine?

Ndisananyamuke ndinaviika silindayo m'palafini masiku anayi, n'kugogoda pisitoni pang'onopang'ono ndi kamtengo mpaka inamasuka. Ndinapala dzimbiri, ndinabwezera zonse, ndipo injini inalira mudzi wonse n'kumva. Ndinkafuna adziwe kuti wowononga sakonza. Kenako ndinakwera njinga kupita kwathu ku Phalula.

Ena amati ndinali wouma mutu. Anene. Bodza lija sindikanalivomera, ngakhale lero atandiitananso sindingagwade. Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu omwewo ndikanawanena tsiku loyamba, tili awiri kuseri kwa nkhokwe, akanangokhala malangizo. Ndinawasunga miyezi, mpaka anasanduka chipongwe cha pagulu.

Choncho inu amene muli ndi injini, iimikeni mutu m'mwamba, madzi atsike okha. Ndipo mukaona wamkulu akulakwitsa, muuzeni msanga, pambali, mwaulemu. Musachite zanga. Mwana uja anakula akuoloka Shire pa injini yomwe ndinakonza ine, koma tsiku limene tinakumana pamsika wa Ulongwe anachita kufunsa mnzake kuti bambo akumuyang'anitsitsawo ndani.