Mafuta amene ndinapaka padzanja la Esnati

Dzanja la mwana wanga ndinalipundula ndine, mayi wake, ndi mafuta odzola.

Inu owerenga, mumawadziwa mafuta olimba oyera aja a m'kabotolo. Kwathu kuno kufupi ndi Tamanda, mphepo ya Juni ikayamba kung'amba milomo ndi zidendene, ndiwo amatipulumutsa. Ine ndinkawakhulupirira kwambiri, moti amuna anga ankandiseka kuti tsiku lina ndidzawapaka pakhasu lothyoka.

Tsiku lina ndinkakazinga nsawa pambaula. Mwana wanga Esnati, amene anali asanayambe sukulu, anapunthwa n'kugwira makala a moto ndi dzanja lamanja. Madzi anali pompo m'ndowa, koma sindinawaganizire n'komwe. Ndinathamangira kabotolo kaja, ndinamata mafuta ambiri pamwamba pa phulusa lomwelo, n'kukulunga zala zonse pamodzi ndi kansalu ka chitenje. Tinali pakati pokumba nsawa kumunda, ndiye za chipatala ndinkangoti mawa, mawa. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ine ndinali nditadala kale.

Dzanja lija linayamba kununkha, thupi la mwana n'kutentha. Kuchipatala namwino akumasula nsaluyo, ndinayang'ana kumbali.

"Amayi, munapakapo chiyani apa?" anandifunsa.

Nditawauza, sanandikalipire. Anati mafutawo si oipa ayi. Ntchito yake ndi kuphimba khungu kuti chinyezi chisathawe, n'chifukwa chake amafewetsa ming'alu. Koma amatsekera chilichonse chimene achipeza pansi pake, ndipo ine ndinatsekera kutentha, phulusa ndi dothi pabala lakuya. Balalo linapola, koma zala ziwiri zinapolera pamodzi, zopindika.

Amayi anzanga, mwana akapsa thirani madzi ozizira oyera kwa nthawi yaitali, musapake kanthu. Musamange zala pamodzi. Ngati bala ndi lalikulu kapena lili padzanja, siyani khasu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mafutawo sungirani khungu louma, ndipo pabala muwapake pokhapokha achipatala atakuuzani. Nsawa zanga ndinakolola zonse chaka chimenecho, ndipo mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Esnati tsopano ali pasukulu, amalemba ndi dzanja lamanzere. Mlendo akamupatsa kanthu amalandiranso ndi lamanzere, lamanja atalibisa kumbuyo. Akuluakulu osadziwa amamudzudzula kuti ndi mwana wamwano, wosaleredwa bwino. Iye amangoyang'ana ine.