Dothi la m'kansalu kofiira

Ndili Fomu 1, amayi ankagwira ntchito kunyumba kwa amwenye achihindu ku Balaka. Loweruka ndinkawaperekeza kuchokera kwathu ku Phalula, kukawathandiza kuchapa.

Loweruka lina adona a nyumbayo, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku India, anatiitana n'kupatsa amayi kansalu kofiira komanga ndi ulusi. M'kati munali dothi lotuwa. Anatiuza m'Chichewa chawo chodukaduka kuti analitapa kumudzi wina wakalekale wotchulidwa m'mabuku awo opatulika, kumene mulungu wawo ankaweta ng'ombe ali mwana. Kumeneko anthu amayenda opanda nsapato, ndipo fumbi lake amadzipaka pamphumi. Anati ndi mdalitso wa nyumba yathu. Amayi anathokoza n'kuika kansaluko m'chikwama. Akanakana bwanji mphatso ya abwana?

Lamulungu madzulo abambo, amene anali mkulu wa mpingo, anapeza kansaluko m'chikwama cha amayi akufunafuna machesi. Kwathu dothi lomangidwa m'nsalu limatanthauza kuti wina watapa phazi la mnzake kuti amulodze.

"Amake mwana, phazi limeneli ndi la ndani?"

"Iyayi, si phazi. Andipatsa adona."

"Mmwenye kukupatsani dothi? Sopo watha m'sitolo mwake? Kuyambira mawa ntchito imeneyo basi."

Amayi anayesa kufotokoza koma anasokoneza, poti adona akulankhula, iwo maganizo anali pa mpunga umene anasiya pamoto. Ine ndinali nditamva zonse. Ndinaima pakhomo. Chibadwire ndinali ndisanalowererepo nkhani ya abambo.

Ndinagwada. "Abambo, ine ndinalipo."

Ndinanena za mudziwo, za ng'ombe, za anthu oyenda opanda nsapato. Ndinawauzanso kuti adonawo anayamba amasula kansaluko, natapako pang'ono n'kudzipaka pamphumi ife tikuona.

Abambo anandiyang'ana. "Anadzipaka okha?"

"Eya."

"Wolodza sayamba wadzipaka yekha," anatero chapansipansi.

Anamanganso kansaluko. Anati m'nyumba ya Mkhristu sikagona, ndipo anakakatsomeka kudenga la khola la mbuzi. Za ntchito sananenepo kanthu, ifenso sitinafunse. Usiku umenewo ndinatsegula kope langa lolembamo zochitika za tsiku, koma sindinalembemo kanthu.

M'mawa amayi anasamba, anavala, n'kuima pabwalo kudikira mawu. Abambo anatulutsa njinga, anapukuta pakaliyala, nati, "Kwerani, minibasi ikusiyani."