Fiziko ya Lachitatu Masana

Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi pamene ndinalowa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kwathu, chakumtunda kwa Lizulu. Kuyambira ndili wamng'ono mtima wanga unali pa unamwino, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Ngakhale azimayi ogulitsa kabichi kumsika ankandiseka nkumandiitana kuti "anesi".

Pasukulupo mphunzitsi wa sayansi analipo mmodzi yekha, a Ndau, bambo wowonda wa jekete lotuwa ndi choko. Ndi iwonso ankakonza taimutebulo. Bayoloje, Masamu ndi Zaulimi zinali zokakamiza, ndiye zinkadya m'mawa monse. Fiziko inali yosankha, choncho ankangoipanikiza pomwe patsala mpata, Lachitatu masana, njala itatipweteka kale. Labu tinalibe. A Ndau ankajambula botolo pabolodi nkunena kuti, "Tiyerekeze kuti muno muli asidi." Ine zoyerekezayerekezazo zinkandizunguza mutu, moti mayeso a Fiziko a Fomu 2 ndinangopulumukira mwamwayi.

Atatipatsa mapepala osankhira maphunziro, ndinadula mzere pa Fiziko. Mawa lake a Ndau anandiitanitsa ku ofesi.

"Esinta, paja umati ukufuna unamwino?"

"Eya, sala."

"Nanga Fiziko waisiyiranji? Kusukulu ya anamwino sadzakulandira wopanda imeneyi. Tikamati yosankha sitikutanthauza kuti yosafunika."

Kunena kuti ndikuiopa kunandichititsa manyazi. Mwana amene ankatchuka ndi nzeru, lero aulule kuti phunziro lamukanika? Ndinanama. Ndinati Lachitatu masana ndimathandiza amayi kugulitsa kachewere kumsika. Abale inu, amayi anga sanandijombetsepo sukulu ngakhale tsiku limodzi!

A Ndau anagwedeza mutu nkundiuza kuti ndizipita. Ine ndinayesa nkhani yathera pomwepo.

Sabata yonseyo, nthawi yopuma ikakwana, ndinkawaona pawindo atawerama pa pepala lalikulu, rula kuno labala uku, kulemba nkufufuta. Akasuntha phunziro limodzi, lina linkagundana ndi linzake, popeza munthu mmodzi sangaime m'makalasi awiri. Lachinayi ndinamva akukangana ndi aphunzitsi a Chingerezi, amene ankakaniza piriyodi yawo ya m'mawa.

"Tisokoneze sukulu yonse chifukwa cha mwana mmodzi?" anakalipa a Chingereziwo.

Zimene a Ndau anayankha sindinazimve, koma Lolemba m'mawa pachitseko panali taimutebulo yatsopano. Fiziko anaiika Lachiwiri, piriyodi yachiwiri. Kuti zitheke, anadziwonjezera okha makalasi a masana, kutanthauza kuti azifika kwawo mochedwa panjinga yawo yolira. Ndinaima pamenepo, mphepo ikundithira fumbi m'maso. Bodza langa linalibenso pobisala.

Lachiwiri belu litalira, anzanga ochepa amene anasankha Fiziko ananyamuka. Inenso ndinatola makope. Ndinayenda mpaka pakhomo la kalasi yawo, ndinaona mabotolo aja ajambulidwa kale pabolodi. Koma ndinangopitirira, nkulondola gulu limene linasankha Histole. A Ndau anali pakhomopo, bokosi la choko lili m'manja.

"Esinta," anatero motsitsa mawu, "lero si tsiku la msika."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkadikira kuti akalipe, kapena andipatse chibalo chokumba dzenje, zikanandipepukira. Iwo anangodikira pang'ono, kenako anatseka chitseko. Kuyambira tsikulo ndikawaona akubwera ndinkakhotera kuseri kwa kalasi, ndipo m'Bayoloje ndinasamukira benchi lakumbuyo.

Fomu 4 ndinakhoza bwino ndithu, Bayoloje ndiye osanena. Ndinalembera kusukulu za anamwino kangapo, yankho limodzimodzi: Fiziko palibe. Ndinkati chaka chamawa ndikalembanso mayeso, koma bambo anadwala, kenako ukwati, kenako ana. Lero ndimagwira ntchito pachipatala china ku Boma. Ndimakolopa m'mawodi, ndipo anamwino ena amene ndimawapatukira ndi chidebe changa ndi amsinkhu wa mwana wanga woyamba.

Kwa zaka zambiri anthu akandifunsa ndinkati, "Aa, sukulu yathu inalibe labu." Zinali zoona, koma anzanga awiri a m'kalasi lomwe lija ndi anamwino tsopano. A Ndau anamwalira ndisanawauze kuti za msika zija ndinanama, ngakhale ndikukhulupirira kuti anadziwa. Chimene chimandiwawa ndikaganiza ndi chakuti Fiziko sindinailephere ayi. Kuti munthu alephere amayamba walowa m'kalasi, ine sindinalowemo.