Chidendene changa pa chilanga mulilo cha Tisa

Tinanyamuka ku Riverside, mumzinda wa Kitwe, Loweruka dzuwa litakwera, azimayi odzaza minibasi, tonse m'chitenje chimodzi chobiriwira. Tisa, mwana wa mchimwene wanga, akukwatiwa ndi mnyamata wachibemba wa ku Chifubu ku Ndola, ndiye tinkapereka chilanga mulilo, mwambo wokaonetsa kuchimuna zakudya zomwe mkamwini azidya kwathu. Ine monga azakhali, kapena kuti atete m'chiyankhulo cha kwathu ku Chipata, anandipatsa mbale ya nkhuku, yoyenda patsogolo.

Chidendene changa chakumanzere chinali chitandivuta kwa miyezi. Ndikaponda pansi podzuka m'mawa, zinkakhala ngati ndaponda msomali. Kuchipatala anandiuza kuti mtsempha wokhuthala wapansi pa phazi, wochoka kuchidendene kukafika kuzala, watupa chifukwa choima tsiku lonse pasimenti mushopu nditavala nsapato zopyapyala. Kulemera kwa thupi anakutchulanso, koma mwaulemu. Anati ndiziwongola katumba ndisanadzuke, ndizigubuduza botolo la madzi oundana kuphazi, ndipo ndisasiyane ndi nsapato zothamangira zija zofewa pansi.

Nsapatozo ndinazitenga, koma m'chikwama. Ndani angavale zinsapato zoyera ngati mabwato pansi pa chitenje chosokedwa bwino, mafoni onse akujambula? Ndinavala timasilipasi tagolide ngati anzanga.

Titawoloka Kafue ng'oma zinayamba. Pageti lolipiritsa magalimoto tinagula chinangwa chootcha ndi mtedza, cha faifi kwacha aliyense, ndipo mayi wogulitsayo atasuzumira mapoto anafunsa ngati mkamwiniyo ali ndi mng'ono wake. Ndinaseka nawo. Phazi linali phee, ine n'kumati ndachira. Ndinaiwala zomwe anandichenjeza, kuti nthendayi imaluma kwambiri ukaimirira utakhala nthawi yaitali.

Masana tinadutsa bwalo la mpira la Ndola, n'kukhotera ku Chifubu. Dalaivala anaima pamsika chifukwa kamsewu kopita kunyumbako kanali kokumbika. Anandisenzetsa nkhuku. Nditaponda kachiwiri, ululu unathamanga mpaka m'chiuno. Kuti mbale isagwe, ndinagwada pomwepo pafumbi, pafupi ndi ogulitsa makala.

Pamwambowu onyamula chakudya amaima n'kugwada pageti la kuchimuna mpaka akuchimuna ataponya kandalama. Anzanga ataona wotsogolera wagwada, anagwada onse, geti likadali patali. Akuchimuna anabwera akuthamanga, anaponya ndalama pachitenje, ine osadzuka. Anawonjezera, ine osadzukabe. Ndinamva bambo wina akunena m'Chibemba kuti anthu a ku Chipata awa ndi adyera, ayambira kumsika kulipiritsa. Mlamu wanga, mayi ake a Tisa akulu, anandinong'oneza mokwiya kuti ndikuwonongera mwana ukwati. Ndinachita manyazi kuulula kuti vuto ndi phazi.

Kenako panafika mayi wamkulu thupi, amake mkamwini. Anawerama, nayang'ana nkhope yanga, nayang'ananso timasilipasi tija.

"Asebele, ni kachitende ka?" anafunsa motsitsa akuloza chidendene changa, akunditchula monga amatchulirana makolo a okwatirana, m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Nagulitsa pa maliketi zaka zambiri, naziba. Nsapato zili kuti?"

Ndinaloza chikwama ndi maso. Anazitulutsa pamaso pa anthu onse, nagwada pafumbi ndi suti yawo yatsopano, n'kundiveka okha, zingwe n'kumanga. Anandigwira m'khwapa mpaka ndinaima, mbale ikadali pamutu. Kenako anatembenukira abale awo n'kuwauza kuti atole ndalama zawo, pano palibe amene walipiritsa.

Ndinayenda motsimphina mpaka kunyumba, ndipo nkhuku inafika yosatayika ndi msuzi womwe. Pakhomo aliyense anavula nsapato, koma ine amake mkamwini anandiletsa. Ndinakhala m'chipinda chodzaza mapazi osavala, mabwato anga oyera ali poyera.

Pobwerera ku Kitwe madzulo, Tisa anandiimbira foni. Vidiyo ya pamsika paja inali itamufika kale kunyumba komwe anatsala. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Atete, apongozi anga agwadira munthu wa kwathu pamsika. Lomba siniyopanso kuyenda ku banja kuja."

Lolemba ndinapita kushopu nditavala nsapato zomwezo.