Mkono wa diresi pa chithunzi

Pofika 2018, Lusubilo anali atatha zaka khumi ndi zitatu mu Leicester, zonsezo akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba pa nyumba ina yosungira okalamba ku Beaumont Leys. Amalawi anzake ankamudziwa ngati mayi wa ku Karonga, wa mawu okoma mu kwaya, amene maliro akagwa amafika woyamba n'kuchoka womaliza. Akamufunsa za banja ankangoseka, amvekere mashifiti ndiwo mwamuna wake.

Chimene sankadziwa n'chakuti kamodzi pamwezi Lusubilo ankakwera galimoto ya Joanna, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankatsogolera kagulu koyenda m'masukulu. Anali amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo ndi ena otero, ofotokozera ana mbiri ya moyo wawo kuti ana onga iwo asamazunzidwe. Lusubilo ankasankha sukulu zakutali, kuseri kwa Melton, kumene mwana wa Mmalawi sungamupeze ngakhale utasaka ndi tochi. Kumeneko ankaima osanjenjemera n'kunena kuti iye amakonda akazi, anadziwa ali ku sekondale, ndipo mpaka pano akadali moyo.

Chaka chimenecho kaguluko kanapatsidwa mphoto ndi bungwe lina la mumzinda loyamikira ongodzipereka. Joanna anamuuza kuti angathe kukhala pansi nthawi ya zithunzi. Koma mtima wa munthu ndi wovuta. Lusubilo anafuna kuimirira nawo, kamodzi kokha. Masana a Lachinayi, tsiku lolandira mphotoyo, anaima kumbuyo, nabisa nkhope kuseri kwa mutu wa Joanna, ndipo nkhopeyo inabisikadi.

Chimene chinamugulitsa ndi ulemu. Kumwambo waukulu munthu savala zilizonse, choncho iye anavala diresi yake yapamtima, ya nsalu yachikasu yokhala ndi nkhanga zobiriwira. Nsaluyo inachokera ku Lilongwe, ndipo amayi asanu ndi anayi a kutchalitchi anasoketsa yofanana pa ukwati wa Thandi, mwana wa abusa. Pa chithunzi chimene bungwe lija linaika pa Facebook, mkono wonse wa diresiyo unali poyera, nkhanga zili ndandanda.

Sipanathe masiku awiri chithunzi chinafika pa gulu la amayi la WhatsApp, wina atazunguliza mkono uja ndi mzere wofiira. Pansi analemba kuti, "Wathu ameneyu ndi ndani?"

Ntchito yofufuza mwini mkonowo inayambika, ndipo apolisi akanasirira. Uyu anali pa shifiti, uyu ali ku Malawi, uyu ananenepa, diresi sikumukwananso. Lusubilo anamudumpha osaganiza n'komwe. Munthu wa Mulungu uja? Zonse zinagwera Felista, amake Dylan, amene tsikulo anasinthana shifiti ndi mnzake n'kukana kunena kumene anapita. Anali kuchipatala, pa nkhani zake za mimba yopita padera, zimene sankafuna kuti zilowe m'kamwa mwa anthu.

Palibe amene anamunyoza pamaso. Anangomuuza kuti ayambe wapuma pophunzitsa Sande sukulu. Pa benchi yake panayamba kutsala malo kumanja ndi kumanzere. Mwamuna wake, a Gracian, anatenga chikwama n'kupita kwa achimwene awo ku Hyson Green, ati akaganize kaye bwino.

Lusubilo anawonda. Anaimbira Joanna, chithunzi chinachotsedwa tsiku lomwelo, koma chinali kale m'foni ya aliyense. Joanna analira naye, namupatsa nambala ya alangizi, ndipo nambalayo sinabweze mwamuna wa munthu. Kangapo konse Lusubilo analemba pa gulu kuti "Ndine", chala n'kuuma pamwamba pa batani. M'maganizo ankaona amayi ake ku Karonga, odwala shuga, akumva nkhaniyo pa chigayo dzuwa lisanalowe. Ankafufuta, n'kudzida kwambiri, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kuti ndi mantha basi.

Lamlungu lachitatu, mapemphero atatha, anapeza Felista yekha pokwerera basi ku Highfields, mvula ikuwaza. Kuthawa kunakanika. Anakhala pambali pake.

"Zikuyenda, amake Dylan?"

"Zikuyenda, asisi. Ndabukitsa mashifiti ambiri, kunyumba kwakula."

Onse anayang'ana pamsewu. Kenako Felista anayankhula osatembenuka.

"Madiresi aja ndinasoka ndine, mwaiwala? Enawo onse ndinawasokera mkono wotukuka. Inu nokha munati mukufuna wothina pachigongono, wa mabatani awiri. Nditangoona chithunzi ndinadziwa."

Lusubilo anatembenukira kwa iye. "Felista, ine..."

"Ayi, asisi, musavutike. Sindinanene, ndipo sindinena. Amene mumakonda ndi zanu, ine sizikundikhudza. Ndikudziwanso chimene angakuchiteni, ndachilawa milungu itatu." Anapukuta mphuno ndi kansalu. Basi inali itatulukira pakona, ndipo iye anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Sindikukuuzani kuti munene. Kungoti Dylan akumandifunsa tsiku ndi tsiku kuti adadi abwera liti, ndiye ndimati mwina inu mungandithandize choti ndizimuyankha."